Maliro a Mwamuna Wamoyo ku Eriya 12

Boma litasamutsa maofesi ake kuchoka ku Zomba, anzanga amene tinkataipa nawo makalata ankangodandaula za Lilongwe. Ankati kuno kulibe phiri, kulibe mthunzi, ndipo bulauzi yoyera imafika pa desiki itafiira ndi fumbi. Ine fumbilo sindinkaliwerengera. Ndinali nditapeza chinthu chimene mtima wanga unkachilakalaka kuyambira ndili pa sukulu. Ku Zomba zisudzo zinali za ana a ku koleji, ife ena ntchito yathu inali kuwomba m'manja. Ku Lilongwe aliyense anali mlendo, ndipo pa gulu la zisudzo la ku Old Town palibe amene ankakufunsa satifiketi.

Holo yathu inali kuseri kwa msika, nyumba imene kale ankasungiramo mtedza. Fungo la mtedzalo silinachoke. Nsanja yake inali ya matabwa olira ukaponda, katani inali mabulangete osokerera pamodzi, mabenchi tinkabwereka ku tchalitchi. Koma chimene chinkakoka anthu chinali bolodi lakuda la panja pa khomo. Mkulu wa gulu, mphunzitsi wina wa pulayimale, wamfupi, wandevu ngati za tonde, ankalembapo ndi choko masewero amene akubwera. Mvula ikafufuta ankalawirira m'mawa n'kulembanso. Anthu otsika basi ankaima pamenepo ndi akatundu awo kumutu, wodziwa kuwerenga n'kumawerengera anzake mokweza.

Chilimwe chimenecho pa bolodipo panali masewero atatu. Lina linali la mesenjala amene anakhala pa mpando wa bwana wake bwanayo ali ku tchuthi, lina la akazi a mitala olimbirana makina osokera. Amenewa anali oseketsa, ndipo aliyense ankafuna malo m'menemo. Ine ndinkafuna lomaliza, la mkazi amene mwamuna wake anafera ku migodi ya ku Joni, kumudzi n'kungofika sutikesi yokha. Ndinali nditalitaipa ndekha nthawi ya nkhomaliro, choncho mawu onse ndinkawadziwa pamtima, a mkaziyo ndi a ena onse. Aphunzitsi anandipatsa malowo. Ndikaweruka ndinkakwera basi ku City Centre, kudutsa tchire lonse lija limene linali pakati pa maofesi atsopano ndi tauni yakale, kupita kukayeserera.

Vuto linali limodzi. Kumapeto kwa sewerolo mkaziyo amatsegula sutikesi, amapezamo jekete la mwamuna wake, n'kubuma maliro. Ine kubuma sindinkadziwa. Ndinakulira pa mishoni, bambo anga anali ophunzitsa katekisimu, ndipo pa maliro ife tinkaimba nyimbo za m'buku n'kumapukuta m'maso ndi kampango. Ndikafika pa jekete paja ndinkatulutsa kamawu kochepa kaulemu, anzanga n'kumabisa nkhope.

"Mayi," anatero aphunzitsi tsiku lina, "mukulira ngati mukupempha tchuthi kwa bwana."

Anandiuza mosapsatira kuti ndikadzalephera kulira pa kuyeserera komaliza, sabata ya sewerolo, malowo adzapatsa namwino wina wa m'gulu mwathu. Namwinoyo ankakhala pa benchi la kutsogolo, mawu anga akuwatsatira ndi milomo. Sindinkamuda, koma sindinkafuna kumuona atagwira jekete lija. Malo amenewo anali anga, ndipo ndinamanga mtima kuti sindiwataya.

Tinkakhala ku Eriya 12. Amuna anga anakwezedwa pa ntchito nthawi ya kusamuka, n'kupatsidwa nyumba yoti ukaitana mwana ali kuchipinda sakumva. Mabwalo anali aakulu, mipanda ya mitengo yobiriwira, ndipo aneba tinkangowadziwira mtundu wa galimoto. Anthu amene tinkawaona nkhope anali oyenda pansi, alonda, osamalira maluwa ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba, ochokera m'midzi yozungulira Lilongwe. Ankalowa m'eriyamo m'mawa, moni wawo tinkayankha tili pa zenera la galimoto. Osamalira maluwa athu anali bambo achikulire, mkulu wa mpingo kumudzi kwawo, ndipo ankakhala ndi akazi awo ku kanyumba ka kuseri.

M'nyumbamo munalinso apongozi anga, amayi a amuna anga. Amuna awo anamwalira ku Zomba ife titangosamuka kumene. Uthenga unatipeza mochedwa, mvula inali itawononga msewu, ndipo pamene tinkafika tinapeza ataika kale. Tinangokaonetsedwa mtumbira. Palibe amene anatinena poyera, nawonso mayiwo sanatchulepo, ndipo tinabwera nawo ku Lilongwe kuti asakhale okha. Koma chikwama chawo sanachimasule. Ankatulutsamo chovala chimodzi, akachapa n'kubwezeramo. Ankakhala pa khonde la kuseri akuyang'ana mpanda, ndipo mlendo aliyense ankamuuza chimodzimodzi, kuti kuno akadzafa adzawalira ndi maluwa.

Loweruka lina mwayi unandigwera. Amuna anga anali ku Dedza pa ntchito, ndipo anati abwera Lamlungu. Apongozi anatenga ana athu awiri kupita nawo ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Ndinalowa kuchipinda, ndinatseka chitseko ndi mazenera, ndinatenga jekete la amuna anga la pa ukwati, n'kukhala pansi pa simenti. Poyamba kanatuluka kamawu kanga kaja. Kenaka ndinakumbukira namwino ndi milomo yake, ndipo pakhosi panga panatseguka. Ndinalira kuti amuna anga ine, mwandisiya ndi yani, munapita ndi mapazi mwabwera ndi jekete. Ndinadzimva ndekha kuti apa ndiye ndafikapo. Ndinabwereza, n'kubwerezanso, kupumira pang'ono kuti ndimwe madzi, ndili wosangalala ngati mwana amene wangodziwa kupalasa njinga.

Chimene ndinaiwala n'chakuti pamwamba pa zenera panali timabowo tolowera mphepo, ndipo kuseri kwa khoma limenelo mkulu wa mpingo uja ankathirira mpiru.

Munthu ngati ameneyo akamva mkazi akulira amuna ake, bwana ali pa ulendo wa pa msewu, safunsa mafunso. Wofedwa safunsidwa. Anaika kheni yothirira pansi, anauza akazi awo, akaziwo anauza mayi wa ntchito wa nyumba yoyandikana nayo, mlonda wina anakwera njinga, ndipo uthenga unadumpha mipanda imene ine ndinkayesa kuti siidumphika. Ine ndinazindikira nditamva mawu ena akundiyankha kuseri kwa chitseko. Nditatsegula ndinapeza pabalaza palibe mipando. Masofa anali atatulutsidwa panja monga amachitira pa siwa, ndipo pansi panali patadzaza amayi, ena akadali ndi maepuloni a ku ntchito, zitenje kumutu.

Ndinayesa kulankhula. Akazi a mkulu wa mpingo anandigwira m'mapewa, anandikhazika pakona, n'kundifunditsa chitenje. Ndinawauza kuti amuna anga ali moyo, ali ku Dedza, abwera mawa. Iwo anangogwedeza mutu mwachisoni akundisisita pamsana.

"Tonse timatero poyamba, mayi. Lirani, musadzigwire."

Ndikakweza mawu kuti ndifotokoze, iwo ankakwezanso kulira. Pa zenera ndinkaona abambo akusonkha moto pakati pa kapinga amene amuna anga ankaletsa ngakhale ana kupondapo. Wina anabwera ndi nkhuni pa njinga. Ambiri a anthu amenewa sindinkawadziwa, nawonso sankatidziwa. Anangomva kuti kwa alendo a ku Zomba aja kwagwa zovuta, n'kusiya ntchito za mabwana awo.

Amuna anga anali atamaliza msanga ku Dedza. Pobwera anapeza amayi awo ndi ana akuyenda pansi kuchokera ku tchalitchi, anawanyamula. Atalowa mu msewu wathu anapeza masamba aikidwa mopingasa, chizindikiro cha maliro, ndipo anachepetsa liwiro mwaulemu, akufunsana kuti mwa aneba osadziwikawa watisiya ndani. Kenaka anaona moto pa kapinga wawo. Anayang'ana anthu amene anali m'galimotomo, anapeza kuti wosowa ndine ndekha.

Anatsika osazimitsa injini. Abambo a pa moto atawaona anaimirira onse, wina chipewa chinamugwa, mlonda wa njinga uja anayamba kubwerera chammbuyo. Analowa m'nyumba akuitana dzina langa la paubwana, limene anali asanalitchulepo pa gulu. Kulira kunaduka ngati wailesi yatha mabatire. Ndinachotsa chitenje kumutu, jekete lawo lili m'manja mwanga. Iwo ankayang'ana mkazi amene ankamuyesa wakufa, amayi aja ankayang'ana mzukwa wovala tayi.

Ndinafotokoza zonse pomwepo, ndipo ndinafotokoza bwino, chifukwa mawu ine sindisowa. Palibe amene anaseka. Mkulu wa mpingo anapita kukachotsa masamba pa msewu, ndipo atabwerako ananena modekha kuti kulira munthu wamoyo ndi malodza, kwawo mwana akamasewera choncho amamuletsa ndi mkwapulo. Anthu anabwezera masofa m'malo mwake, anazima moto, n'kubalalika. Pa kapinga panatsala bwalo lakuda.

Amuna anga sanali munthu wokalipa, koma madzulo amenewo analamula. Anati za zisudzo zathera pompa. Lolemba ku ofesi anthu adzakhala akuwafunsa kuti auka liti, ndipo sangalole kuti mkazi wawo akawalirenso kachiwiri pamaso pa tauni yonse. Ndinayankha kuti sindinalire iwo, ndinalira munthu wa ku Joni amene sanakhaleko n'komwe. Anandifunsa kuti nanga jekete linali la yani. Ndinamva chisoni ndi mantha amene ndinawapatsa. Koma mumtima ndinali ndisanagonje. Ndinkadziwa kuti tsiku limenelo ndinalira bwino, ndipo zinkandiwawa kuti ndikasiyire namwino malo anga pamene ndangodziwa kumene ntchito yake.

Apongozi anali atangoima pa khonde akuyang'ana anthu akutuluka pa geti, mmodzimmodzi, mpaka womaliza. M'mawa mwake titabwerako ku tchalitchi anandiitana ku khonde lawo la kuseri. Ndinakhala pansi ndikudikira ukali. Anandifunsa kuti anthu aja ndi abale a yani. Ndinati si abale athu, ndi antchito a m'nyumba za mu msewu muno. Anafunsanso ngati ndinawaitana. Ndinati ayi. Kenaka ananena ngati akuuza mpanda kuti maliro n'kulirana ndithu.

Atatero anandiuza kuti ndiwabwerezere mawu amene ndinkalira aja, koma chapansipansi. Ndinawanena. Anapukusa mutu, nati amenewo ndi mawu a pa pepala, aliyense akhoza kulira nawo aliyense. Wolira weniweni amatchula zimene munthuyo ankachita, kuti omva amuone ngati waima pakhomo.

"Mwana wanga mumusiye, akadali ndi masiku. Ngati pakhosi panupo pakufuna kulira, alipo munthu amene simunamulire. Apongozi anu aamuna anagona osamva mawu anu."

Aka kanali koyamba kuti atchule nkhani imeneyi. Sanaitchule mokwiya, koma inandilasa mumtima. Bambo aja ndinkawakonda. Ndi amene anandiikira kumbuyo pamene abale ena ankati mkazi wa pa ntchito sasunga banja.

Mayiwo analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akufukula pansi penipeni pa chikwama chija. Anatuluka ndi jekete lakuda la malemu amuna awo, lotha m'zigongono, n'kuliika pa miyendo panga. Kenaka anayamba kundikumbutsa za mwini wake, zina zimene ndinkazidziwa, zina ayi. Sanandiphunzitse kukweza mawu, anati zimenezo ndaonetsa kale msewu wonse kuti ndimatha. Anandiphunzitsa poyambira, popumira, ndi kuti wolira amasiya mpata kuti ena amulandire, chifukwa maliro salira munthu mmodzi.

Mwana wawo, amuna anga aja, apongozi anamuuza okha pa tebulo, m'mawu ochepa. Anati amene akaliridwe ku holo ndi bambo ake, ndipo sanamvepo mwana akuletsa anthu kulira bambo ake. Pomaliza amuna anga anati tichite zimene tikufuna, koma iwo kumeneko sakapondako.

Panatsala chinthu china. Apongozi anati anthu akakukhuza maliro umawathokoza, kaya malirowo anali enieni kaya ayi, chifukwa mapazi awo anali enieni. Mayi amene sankatuluka geti kupatula popita ku tchalitchi anamanga mpango n'kunditsogolera kuseri kwa nyumba za mu msewu wathu, ku tinyumba ta antchito, kumene ine ndinali ndisanafikeko. Ine ndinkapepesa, iwo ankathokoza, n'kumafunsa aliyense kwawo ndi mpingo wake. Ankamaliza ndi kunena kuti Loweruka masana ku holo ya ku Old Town kukaliridwa munthu amene anamwaliradi. Mkulu wa mpingo anaganiza kaye, chipewa chili pa bondo, kenaka anati ngati ndi choncho palibe malodza.

Pa kuyeserera komaliza nkhani ya maliro a ku Eriya 12 inali itandifikira kale patsogolo, ndipo anzanga anandilandira ndi mapepani. Ndinawasiya aseke. Nthawi itakwana ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa jekete lakuda lija, n'kuyamba kutchula. Aphunzitsi anayang'ana pa pepala lawo, mawuwo sanawapeze, ndipo analipinda n'kuliika m'thumba. Namwino anasiya kugwedeza milomo. Potuluka ndinaona aphunzitsi atenga choko n'kuwonjezera pa bolodi, pansi pa sewero lathu, kuti obwera asaiwale mipango.

Loweruka holo inadzaza mpaka m'mazenera. Malata ankatentha, mpweya unali wa mtedza ndi thukuta. Kutsogolo kunakhala a ku maofesi ndi matayi awo. Kumbuyo kunakhala anthu a mu msewu wathu amene anapeza mpata, atavala za ku tchalitchi, apongozi ali pakati pawo. Sewero linayenda bwino, anthu anaseka pamene panali posekera. Kenaka anabweretsa sutikesi n'kuiika patsogolo panga.

Ndinagwada, ndinatsegula, ndinakumbatira jekete lija. Linali likadali ndi fungo la fodya wawo.

"Bambo ine, bambo ine! Adzaimba likhweru pa njira ndani kuti tidziwe kuti mwafika? Adzamangirira nzimbe pa njinga ndani? Inu amene simunkasamba m'manja musanafunse ngati ana adya. Mwagona ife tili kutali, bambo. Tafika mochedwa."

Misozi inali yanga yeniyeni, komabe mutu sunandithawe. Ndinkadziwa pamene ndagwada ndi kumene kuli anthu, ndipo mawu anga anafika mpaka ku khoma la kumbuyo. Ndinasiya mpata monga anandiuzira, ndipo yankho linachokera kumeneko. Anali mawu a apongozi, okalamba koma akuthwa. Akazi a mkulu wa mpingo anawalandira, amayi ena n'kutsatira. A matayi anatembenuka, ena anafuna kuseka, koma kuseka kwake sikunatuluke. Aphunzitsi anagwira chingwe cha katani osachikoka, anatidikira mpaka titamaliza.

Pamene mabulangete ankatsekeka ndinaona munthu ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, mapewa akugwedezeka. Anali amuna anga, amene anati kumeneko sakapondako.

Panja, pafupi ndi bolodi, anthu ankandigwira chanza, ndipo sindibisa, zinandikoma. Namwino nayenso anabwera maso ali ofiira. Aphunzitsi anali atayamba kale kunena za masewero a mwezi wotsatira ndi malo amene ankandiganizira. Apongozi anadikira kuti onse amalize. Ndinapinda jekete lija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Analiyang'ana pang'ono, kenaka anapatsira mwana wawo.

"Tengani, muzivala. Bambo anu tsopano agona," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu mayi, tikafika mukandithandize kumasula chikwama chija. Zovala zanga zatha ndi makwinya."